Nsapato Zoyang'ana Kunyanja

Ndinene poyambirira kuti timanyumba tapagalimoto tafala masiku anoti ine sinditikonda. Kale kalole kanali ka ntchito. Khomo lililonse m'mudzi mwathu muno mwa Shimotani lili ndi kake, koyera, kakang'ono, konyamulira matumba a mpunga, feteleza ndi matope a m'ngalande. Lero anthu a m'tauni amene sanagwirepo khasu akugula timalole tomweti, kukhazika bokosi kumbuyo, kuboola zenera, basi ati nyumba. Loweruka lililonse amadzaza pabwalo la msika wa m'mbali mwa msewu waukulu, kutsuka mapoto m'chimbudzi cha tonse, kuyanika masokosi pagalasi. Ndinakadandaula ku khonsolo. Anandiyankha kuti alendowo amagula ndiwo zamasamba.

Ndiye mutha kumvetsa mmene ndinamvera tsiku limene mnansi wanga, a Katsube Shozo, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, anayamba kukhoma matabwa a mkungudza kumbuyo kwa kalole kawo.

A Katsube ndawadziwa kuyambira tili ana. Kusukulu anali m'kalasi ya pambuyo panga, ndipo sanapitirize. Bambo awo anawatenga kukawaphunzitsa kusoka tatami, mphasa zochindikala zimene timayala m'nyumba zathu. Ine ndinapita kukoleji, ndinabwerako, ndinaphunzitsa mbiri yakale mpaka kupuma. Iwo anakhala pamalo amodzimodzi, chogwada, singano ili m'manja. Palibe nyumba yakale m'chigwa chino imene sanalowemo ndi tepi yoyezera. Ntchito ankaidziwa, koma makutu analibe. M'chipinda changa cha alendo ndinawauza kuti mkombero wa mphasa ukhale wakuda. Anaika wobiriwira, ati wakuda ngwa anthu okwiya. Papita zaka zambiri, koma ndimauonabe tsiku lililonse ndipo sindinaiwale.

Ntchito ija inafa pang'onopang'ono. Ana a masiku ano amafuna pansi pa matabwa opukutidwa ndi mipando yaitali. A Katsube anatseka shopu yawo popanda kulengeza. Kwa chaka chathunthu ankangozungulira bwalo, kufunafuna udzu woti azule. Kenaka kunabwera matabwa aja.

"Mukumanga khola la nkhuku, akulu?" ndinawafunsa ndili pampanda.

"Nyumba, aphunzitsi."

"Nyumba muli nayo kale. Zipinda zina simulowamo n'komwe."

"Ija siyenda."

"Boma lalola liti kuti munthu aziyenda ndi nyumba pamsewu?"

"Kwa boma si nyumba ayi, ndi katundu. Bola azitheka kutsitsa. Tabwerani muone."

Anandionetsa miyendo inayi yachitsulo yokhala ndi majeke. Ukapukusa, kanyumba kamanyamuka pang'ono, kalole n'kutuluka pansi pake, kanyumbako n'kutsala chiimire ngati nkhokwe. Ndinanena kuti n'zachibwana. Koma mawa lake ndinabweranso pampanda, ndi mkucha womwe, chifukwa ndinkafuna kudziwa kuti munthu wamkulu angagone bwanji pamalo pamene pamakwana matumba ochepa a mpunga.

Atamaliza anandiitana. Chitseko chinali kumbuyo, chotsetsereka ngati cha m'nyumba. M'kati munali kachitofu ka gasi, kampoto kamodzi, ketulo, zofunda zopindidwa pakona, ndi zenera lalikulu ngati buku. Pansi ponse panali mphasa yatsopano imene anasoka okha molingana ndi malowo, fungo la udzu wake likumveka mpaka panja. Ndinaponda pa sitepe kuti ndisuzumire.

"Nsapato, aphunzitsi."

"Ndi galimoto iyi."

"Kutsogoloko ndi galimoto. Kuno ndi kwathu."

Ndinavula. Iwo anawerama, anazitenga, anazitembenuza kuti ziyang'ane kunja, n'kuziika mogundana bwinobwino pansi pa sitepe, monga aliyense woleredwa bwino amachitira pakhomo.

Akazi awo, mayi Tomie, anakana kukwera ngakhale kamodzi. "Mkonono wa abambowa ndimaumva nditatseka zitseko ziwiri," anatero. "Ndiye ndikaumvere m'bokosi? Apite. Nane ndionereko wailesi yakanema popanda wondisinthira."

Anayamba kuyenda nyengo yozizira itangotha chaka chimenecho. Munthu amene moyo wake wonse sanapitirirepo Hiroshima tsopano ankasowa masiku anayi, nthawi zina sabata, n'kubwera ndi nsomba zouma ndi nkhope yopsa ndi dzuwa. Ine ndinkawafunsa mafunso ngati wapolisi. Munaona kachisi uti? Munalowa nyumba yachifumu iti? Palibe. Malo otchuka sankapitako. Ankatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka pamene wathera, n'kuimika kalole chammbuyo kuti chitseko chiyang'ane kumadzi. Akatsegula, ankakhala pamphasa yawo ndi tiyi, n'kumayang'ana. Kusamba ankasamba kunyumba zosambira za pa akasupe otentha. Nsomba ankagula kwa asodzi padoko, n'kuziotcha ndi mchere.

Anandiuzanso za anzawo a m'njira. Ati pamalo oimika amakumana ndi anthu amitundumitundu: mabanja opuma ntchito, amayi oyenda okha ndi galu, anyamata ogwira ntchito pakompyuta ali m'bokosi momwemo. Safunsana maina. Amaitanana ndi dzina la dera lolembedwa pa nambala ya galimoto. "A Kobe anandipatsa malalanje. A Nagoya kanyumba kawo kakudontha." Iwo anali a Izumo. Onse ankafuna kuvula nsapato kuti aponde mphasa ija.

"Koma chokoma n'chiyani kwenikweni?" ndinawafunsa tsiku lina. "Kunyumba kuli bafa, kuli mkazi, kuli chimbudzi chanuchanu."

"Ine, aphunzitsi, ndalowa nyumba zonse za m'chigwa chino, koma ndimadziwa pansi pake pokha. Mutandifunsa denga la kwa a Kageyama, anansi athu omwewa, kuti n'lotani, sindingayankhe."

"Ndiye kwezani mutu pompano. Sizifuna petulo."

"Pano ndikakweza mutu ndimaona inu."

Yankho limenelo silinandikwanire, ndipo mpaka lero silindikwanira.

Amene sankakondwa ndi maulendowa anali mwana wawo mmodzi yekhayo, Norihiko, amene amagwira ntchito ya inshuwalansi ku Osaka. Kalole kaja anagula ndi iyeyo, zaka zingapo zapitazo, kuti bambo ake azinyamulira mphasa, ndipo mapepala ake anali m'dzina lake. Ankaimba foni m'mawa ndi madzulo. Mwadya chiyani, mwagona kuti, mankhwala mwamwa? A Katsube anatopa nazo, anayamba kuzimitsa foni n'kuiponya m'kabokosi ka kutsogolo. Pa tchuthi cha chilimwe mnyamatayo anabwera kumudzi, ndipo ndinamumva ndi makutu anga akulankhula pabwalo.

"Ababa, ine ndimaona mapepala a ngozi tsiku lililonse. Mukangolakwitsa kamodzi, kamodzi kokha, makiyi nditenga."

Mawu amenewo ndimawadziwa. Mwana wanga wamkazi anandiuza omwewo, ndipo atandipeza nditakanda chipilala cha pageti langa, geti langa lomwe, anandiperekeza kupolisi kukabweza laisensi ngati mwana wobweza chinthu chakuba. Anandipatsa satifiketi yothokoza ndi khadi yokwerera basi motchipa. Basi imabwera kawiri patsiku.

Kulakwitsa kwa a Katsube kunabwera mu Okutobala, titangomaliza kukolola mpunga. Anali atachoka masiku awiri, kulowera kumadzulo. Cha kumasana ndinaona kagalimoto ka apolisi kataima pakhomo pawo. Posakhalitsa mayi Tomie anafika pampanda, epuloni ili m'chiuno.

"Aphunzitsi, tabwerani mudzandimvereko. Ine sindikumva zimene akunenazi."

Wapolisi wa pamudzi pathu anali atavula chipewa. Anationetsa chithunzi pafoni. Panali mpanda wachitsulo, kuseri kwake phompho lalitali, pansi pake nyanja. Pafupi ndi mpandawo panali nsapato ziwiri zachikopa, zakuda, zoikidwa mogundana bwinobwino, zikuyang'ana kumadzi. Chithunzi chachiwiri chinali cha m'kati mwa nsapato: Katsube, Shimotani. Analemba ndi mayi Tomie omwe, chifukwa kuholo ya misonkhano ya m'mudzi nsapato za madala zimafanana zonse ndipo amuna awo anali atabwerako kangapo ndi za eni.

Aliyense wobadwira m'dziko lino akaona nsapato zoikidwa chonchi m'mphepete mwa phompho, mwini wake osaoneka, amadziwa tanthauzo lake. Munthu wofuna kudzichotsera moyo amayamba wavula nsapato, monga amachitira polowa m'nyumba. Mayi wina wotola ndere za m'nyanja anaziona m'mawa, anathamangira kupolisi, ndipo pofika nthawiyi asodzi a padoko lapafupi anali atasiya maukonde, maboti awo akuzungulira pansi pa phompholo.

"Nanga kalole?" ndinafunsa.

Wapolisi anati pamalopo sikanapezeke, ndipo akukafunafuna. Mwina anakasiya kwina n'kuyenda wapansi. Foni sinkalowa.

"Aiwala basi," anatero mayi Tomie. "Amenewo angadziponye m'madzi? Ngakhale m'bafa amayamba ayesa ndi chala." Anaseka pang'ono. Kenaka anapita kukhitchini, anatsuka mpunga, anathira madziwo, anautsukanso, anautsukanso. Ine ndi amene ndinaimbira Norihiko. Sanafunse zambiri. Anati akuthamangira sitima.

Ndinakhala nawo masana onse. Anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, kulankhula monong'ona pakhonde. Nthawi ina ndinawapeza mayiwo m'chipinda cham'kati, atamwaza zithunzi pamphasa. Anali atapatula chimodzi, cha amuna awo atavala suti paukwati wa mwana wawo, chamtundu umene timaika patsogolo pamaliro.

"Ndikungoyang'ana," anatero osatukula mutu. "M'zonsezi akuyang'ana pansi. Chabwinoko n'chimenechi."

Amuna awowo anapezeka dzuwa litapendeka, kutali ndi phompho lija, pa nyumba yosambira. Mlonda wa pabwalo ndi amene anazindikira nambala. A Katsube anatuluka ali pyu ndi madzi otentha, kathawulo kali pamutu, botolo la mkaka lili m'manja, n'kupeza apolisi awiri ataima pa kanyumba kawo.

"Ndaimika molakwika?" anafunsa.

Sankadziwa n'komwe kuti nsapato zasowa. Dzulo lake madzulo anaimika chammbuyo pafupi ndi mpanda uja, anavula nsapato pansi pa sitepe, anazitembenuza monga mwa nthawi zonse. M'mawa anatsika ndi patapata zimene amakoloweka kuseri kwa chitseko, anapita kuchimbudzi, ndipo pobwerako anangolunjika kutsogolo, kumene amasungira nsapato zansalu zoyendetsera. Analiza injini. Nyumba inachoka, nsapato n'kutsala pakhomo pamene panalibenso nyumba.

Anafika kumudzi mawa lake, akuyendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Norihiko anali akudikira. Anandiitana kuti ndikhalepo, poganiza kuti ndikhala mbali yake, chifukwa mudzi wonse umadziwa maganizo anga pa timanyumba timeneti. Tinakhala anayi mozungulira tebulo lalifupi. Tiyi anazizira m'makapu.

"Makiyi, ababa."

"Sindinagunde munthu."

"Asodzi anataya tsiku lonse chifukwa cha inu. Amayi anasankha chithunzi. Mukudziwa zimenezo?"

A Katsube anayang'ana akazi awo. Mayiwo anayang'ana kukapu.

"Chiti?" anafunsa.

"Cha suti."

"Chija ndikuoneka ngati ndameza fupa?"

"Ababa, si zoseka izi. Lero ndi nsapato, mawa muiwala gasi, mkucha muiwala mbali ya msewu."

"Mayeso a madala oyendetsa galimoto ndinakhoza chaka chatha. Anandionetsa zithunzi, ndinazikumbukira. Afunse aphunzitsi ngati n'kunama."

Ndinati n'zoona, ndipo ndinawonjezera kuti kuiwala nsapato kwa munthuyu sikunayambe ndi ukalamba, chifukwa ndikukumbukira akubwerera kusukulu ndi nsapato imodzi. Norihiko anandiyang'ana ngati ndamubera.

"Chabwino," anatero. "Bwanji osaziika m'jumbo n'kulowa nazo m'kati, ngati anzanu onse?"

"Nsapato pamphasa?"

"M'jumbo, ababa."

"Iwe, unakulira m'nyumba iti?"

"Mukuona, amayi? Mukuona zimene ndikunena?"

Mnyamatayo anatambasula dzanja patebulo n'kulisiya pomwepo. Ndiyenera kunena chilungamo: Norihiko si chitsiru. Anakhala m'sitima maola ambiri akuganiza kuti akupita kukazindikira mtembo. Bambo ake analiyang'ana dzanjalo. Anapisa m'thumba, anaikamo makiyi m'dzanjamo.

"Ndi laisensi yomwe. Mawa tipite kupolisi."

"Imeneyo ayi. Kalole n'kako, mapepala akutero. Laisensi ili ndi nkhope yanga."

Anakangana mpaka chakudya chamadzulo, koma pamenepo madalawo sanasunthe, ndipo lamulo limafuna kuti mwini wake avomere yekha.

Mawa lake Norihiko anabwereka galimoto, anawatenga bambo ake ndi makatoni a makeke a nyemba kukapepesa. Anagwada kupolisi, kwa mayi wa ndere uja, ndi kuofesi ya asodzi. A Katsube anandiuza pambuyo pake kuti mkulu wa asodziwo anawakalipira mpaka makutu kutentha, kenaka anawabwezera nsapato zili zopukutidwa, n'kufunsa kuti kanyumbako anamanga ndi ndalama zingati chifukwa naye mkazi wake akukafuna.

Sabata yotsatira kunabwera wogula magalimoto. Bokosi analikana, ati alibe nalo ntchito. A Katsube anapukusa okha majeke. Kalole kanatuluka pansi, kanatsika msewu, ndipo kanyumba kanatsala pabwalo pa miyendo yake inayi, chitseko chikuyang'ana mpanda wanga.

Nyengo yonse yozizira ndinawaona. M'mawa akadya, ankawoloka bwalo, kuvula nsapato pansi pa sitepe, kulowa, kuteleka ketulo, kutsegula chitseko. Ankakhala pamenepo atafunda bulangeti, akuyang'ana matabwa a mpanda wanga ndi mizere ya anyezi. Chipale chofewa chitagwa anafosholamo kanjira. Poyamba ndinkawanyoza. "Lero tafika kuti, akulu? Nyanja ili bwanji?" Ankangomwetulira. Kenaka ndinasiya, chifukwa anasiya kundiyankha mwano, ndipo a Katsube osayankha mwano sindinawazolowere. Malamba a thalauza anayamba kuwakulira. Kuholo anasiya kupita.

Mu Malichi, maluwa a mapulamu atayamba, ndinamva phokoso m'shedi yanga. Ndinawapeza atagwada kumbuyo kwa kalole kanga, tepi ili m'manja.

Kalole kangako sindinakagulitse. Mwana wanga ananena kuti ndikagulitse, ndiye chifukwa chake sindinakagulitse. Makaniko amabwera kudzakatenga kukayezetsa nthawi ikakwana, inshuwalansi ndimalipira, ndipo Lamlungu lililonse ndimaliza injini m'shedi momwemo kuti aliyense amve.

"Mukuyeza chiyani? Timalole tonseti n'tofanana, boma linatiyeza kale."

"Ndimangofuna kutsimikiza, aphunzitsi."

"Mwatsimikiza?"

"Kakukwana." Anapinda tepi pang'onopang'ono. "Matayala akamangokhala amawonongeka."

"Mwabwera kudzandimvera chisoni matayala?"

"Ndabwera ndi zipatso, mapesimoni ouma. Ali pakhonde."

Ndinawauza kuti apite, ndiganiza. Zoona zake n'zakuti ndinachita mantha. Munthuyu akakagunda mwana wa eni, galimoto ndi yanga, dzina ndi langa, ndipo mudzi uno suiwala. Komanso si ine amene ndinakhala pansi n'kusankha chithunzi. Choncho ndinadikira kuti a Katsube apite kuchipatala kukatenga mankhwala a magazi, n'kupita kukaonana ndi akazi awo.

Ndinawapeza akusenda mbatata. Ndisanamalize kufotokoza anandidula.

"Ndikudziwa. Tepi ija anaitenga m'kabati yanga ya zosokera."

"Ndiye mukuti bwanji, mayi?"

Anasenda mbatata ina yonse asanayankhe. "Tsiku lija ndinaopa maola angapo, aphunzitsi. Pano ndakhala ndikuopa miyezi. Ndikasuzumira pazenera, munthu ali phee m'bokosi, sakusuntha, maso pampanda. Ndimachita kutumiza mphaka kuti ndione ngati atembenuke." Anapukuta manja. "Abwerekeni. Koma zobisa ine sindifuna."

Anatenga foni pomwepo n'kuimbira ku Osaka. Ndinkamva mawu a Norihiko akukwera ngakhale foni inali pakhutu la amayi ake. Mayiwo ankangoti, "Eya. Eya. Ndamva. Eya." Kenaka anati, "Ndinakubereka ndine, usandiwerengere malamulo. Kalole n'ka aphunzitsi, lankhula nawo," n'kundipatsira.

"Aphunzitsi, mukudziwa chimene mukuchita?" anatero mnyamatayo.

Ndinamuuza kuti sindikudziwa bwinobwino. Ndinamuuza kuti zimene amaopa n'zoona, ndipo tsiku lidzafika loti bambo ake asiye. Koma ndinamufunsa kuti anawaona liti komaliza, ndipo ngati akudziwa kuti lamba wawo anaboola mabowo ena. Ndinamuuzanso mmene tsiku limatalikira kwa munthu amene akudikira basi yachiwiri. Pamenepa ndinalankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndinafunira, ndipo zina mwa zimene ndinanena sizinali zopita kwa iye.

Ndinamva sitima ikudutsa kumene anali.

"Foni isazimitsidwe," anatero pomaliza. "Usiku asayendetse. Chaka chamawa akaonane ndi dokotala amene ndisankhe ine, ndipo akanena kuti basi, ndi basi. Ikangozima foniyo kamodzi, ndibwera ndi nyundo kudzaphwasula bokosilo."

"Uwauze wekha."

"Muwauze ndinu. Ine akandimva mawu amatseka makutu."

Ndinawauza madzulo omwewo. A Katsube anamvetsera zonse ataweramitsa mutu, anavomera chimodzichimodzi, ngakhale nkhani ya dokotala yomwe. Za jumbo anakanabe. M'malo mwake anatha masiku angapo akukhoma kashelefu kunja, pansi pa chitseko, kokhala ndi kachivindikiro, kuti pakhomo paziyenda limodzi ndi nyumba.

Tinakweza kanyumbako Lachiwiri m'mawa. Iwo anabweza kalole kanga chammbuyo, ine ndikuwalozera ndi ndodo, ndipo tinakangana za kumanzere ndi kumanja mpaka a Kageyama anabwera kudzatilekanitsa. Majeke atatsika, matabwa anakhala pachitsulo popanda kusiya mpata. Mayi Tomie anabweretsa mpunga wokulunga m'ndere ndi botolo la tiyi, anaika foni m'thumba la malaya a amuna awo, n'kutseka batani la thumbalo okha.

"Ndiziimba m'mawa uliwonse," anatero. "Funso ndi limodzi: kuphazi kuli chiyani?"

"Ukandipeza ndili m'bafa?"

"Muzikanena kuti mulibe kanthu, ndidzamva."

Ndinawauza kuti giya yachitatu imalimba kukazizira, ndiponso kuti akabwera ndi kalole konunkha nsomba sadzakaonanso. Anati amva. Ndinawafunsa kumene akulowera. Anati kummawa, sanaganize bwino, mwina mpaka kumene msewu ukathere. Anatuluka pageti mosamala, kanyumba kakugwedezeka pang'ono pamwamba, anaimika pamphambano nthawi yaitali ngakhale kunalibe galimoto ina, n'kukhota.

Mwana wanga sindinamuuzebe. Akubwera pa tchuthi cha mu Meyi, ndipo chinthu choyamba chimene amachita akafika ndi kusuzumira m'shedi.